Marauta awiri, khomo limodzi: mmene netiweki imapulumukira rauta ikafa

Kompyuta iliyonse ya mu ofesi imadziwa khomo limodzi lokha lotulukira kunja. Ikayatsidwa m'mawa, seva ya DHCP imaipatsa adilesi yake ya IP, n'kuiuzanso kuti chilichonse chopita kunja kwa netiwekiyo izichipereka kwa 192.168.10.1. Adilesi imeneyi ndi imene amisiri amaitcha default gateway, ndipo kawirikawiri imakhala pa rauta imodzi, kabokosi kokhala pashelefu pafupi ndi pomwe chingwe cha kampani ya intaneti chalowera. Kabokosiko kakapsa adaputala, kapena kakangouma gwa, makompyuta onse 40 amapitiriza kugogoda pa khomo lomwelo. Iwo okhaokha amaonana, printa imasindikiza bwinobwino, koma imelo, makina olipirira ndi khadi ndiponso sisitimu ya kulikulu, zonse zii.

Maganizo oyamba amene amabwera ndi ogula rauta yachiwiri n'kuipatsa 192.168.10.2. Zimenezi pazokha sizithandiza. Kompyuta sifunafuna khomo lina yokha. Pamafunika munthu woti ayende desiki ndi desiki kusintha gateway, kapena asinthe pa DHCP n'kudikira kuti makina onse adzapemphenso maadilesi, zomwe zingatenge maola. Pali chinanso chobisika pansi pake: kompyuta situmiza paketi (kachidutswa ka uthenga) ku adilesi ya IP mwachindunji. Imayamba yafunsa kudzera mu ARP, njira yofunsira eni maadilesi pa netiweki, kuti mwini 192.168.10.1 ndani, n'kulandira nambala ya MAC, yomwe ndi chizindikiro cha doko (polowera chingwe) la rautayo, n'kuisunga. Ngakhale mutasamutsa adilesi ya IP kuipereka kwa rauta ina, makina ena amakakamirabe MAC yakale kwa kanthawi.

Njira imene inapezeka ndi yoti khomolo lisakhale la rauta iliyonse mwa ziwirizo. Adilesi ya gateway, pamodzi ndi MAC yake, zimakhala ngati mpando: amene ali pampandowo ndiye amayankha, akachoka mnzake amakhalapo, ndipo makompyuta sadziwa n'komwe kuti munthu wasintha.

Mmene VRRP imayendera

Ndondomeko yodziwika kwambiri yochitira zimenezi ndi VRRP, yomwe bungwe lokonza ndondomeko za intaneti la IETF linailemba koyamba m'chikalata chotchedwa RFC 2338 mu 1998. Umenewo unali kale mtundu wachiwiri, womwe unakonzedwanso mu RFC 3768 ya 2004; wachitatu, womwe unabweretsa IPv6, uli mu RFC 5798 ya 2010, ndipo unakonzedwanso mu RFC 9568 mu 2024. Popeza si ya kampani imodzi, imapezeka pa MikroTik, Juniper, Huawei, Cisco, ngakhalenso pa kompyuta wamba ya Linux yokhala ndi pulogalamu ya keepalived.

Titenge netiweki yathu ija. Rauta yoyamba ili ndi adilesi yakeyake 192.168.10.2, yachiwiri 192.168.10.3. Zonse timaziika m'gulu limodzi, nambala ya gulu (VRID) n'kukhala 10, n'kuziuza kuti adilesi yogawana ndi 192.168.10.1. Nambala ya gulu imachokera pa 1 kulekeza 255, ndipo ndi yomwe imapanga MAC yogawana: 00:00:5E:00:01 kenako nambala ya gulu mu hex (kawerengedwe kamene 10 amalembedwa 0A), choncho gulu 10 limakhala 00:00:5E:00:01:0A. Rauta iliyonse imapatsidwa priority, nambala yosonyeza ukulu. Mukapanda kulemba kanthu imakhala 100. Mungasankhe kuyambira 1 mpaka 254. 255 ndi ya rauta imene adilesi yogawanayo ndi yakeyake, pomwe 0 ndi mawu otsanzika, rauta ikamanena kuti ndikuchoka, wina atenge msanga. Tiyeni tipatse yoyamba 110, yachiwiri 100. Yoyamba ikhala Master, dzina limene RFC ya 2024 inalisintha kukhala Active, ngakhale pa zida zambiri mupezabe dzina lakale. Yachiwiri ikhala Backup.

Master imalengeza sekondi iliyonse kuti ndilipo. Uthengawu umapita ku adilesi ya multicast (yomvedwa ndi gulu lonse) 224.0.0.18, pa protocol nambala 112, osati TCP kapena UDP, ndipo TTL yake, nambala imene imatsika paketi ikadutsa pa rauta iliyonse, ndi 255 kuti uthenga wochokera kunja kwa netiwekiyo ukanidwe. Backup siyankha, imangomvetsera. Ikapanda kumva kanthu kwa nthawi ya mauthenga atatu kuphatikiza kachidutswa kotchedwa skew, imakhala pampando. Kachidutswako kamawerengedwa chonchi: 256 kuchotsa priority, kugawa ndi 256. Kwa rauta ya priority 100 ndiye 156 kugawa ndi 256, pafupifupi sekondi 0.6, kotero imadikira masekondi 3.6. Ntchito ya skew ndi yoti pakakhala ma Backup awiri kapena atatu, wamkulu ayambe ndiye kudzuka, asadzukire limodzi.

Ikangotenga udindo, rauta yatsopanoyo imatumiza gratuitous ARP, chilengezo chosafunsidwa chonena kuti 192.168.10.1 ili pa MAC yogawana ija. Phindu lake lalikulu lili pa swichi, bokosi lolumikiza makompyuta a mu ofesi: swichi imaona kuti MAC imeneyi tsopano ikuchokera pa doko lina, n'kuyamba kulozera mapaketi kumeneko. Makompyuta sasintha kalikonse chifukwa IP ndi MAC zomwe akudziwa ndi zomwezija. Pa mtundu wachitatu wa VRRP nthawi imawerengedwa m'zigawo za 100 za sekondi, choncho mungathe kutsitsa kulengeza kufika pa sekondi 0.1. Koma pa marauta ang'onoang'ono musathamangire zimenezi. Purosesa ikatanganidwa pang'ono uthenga umachedwa, Backup imayesa kuti mnzake wafa, ndiye mwadzipangira vuto lomwe panalibe. Ofesi wamba masekondi anayi saipweteka.

Cisco ili ndi yakeyake, HSRP, yolongosoledwa mu RFC 2281. Mfundo ndi yomweyo, mayina ndi manambala ndiye osiyana: Active ndi Standby, uthenga pa UDP doko 1985, ku 224.0.0.2 pa mtundu woyamba ndi 224.0.0.102 pa wachiwiri, moni masekondi atatu aliwonse, kudikira masekondi 10. Palinso GLBP, ya Cisco yomweyo, imene imalola marauta mpaka anayi kunyamula katundu nthawi imodzi pogawira makompyuta ma MAC osiyana pa IP imodzi. Amene amagwiritsa ntchito mapulogalamu a firewall (chosefa mapaketi) monga pfSense kapena OPNsense amakumana ndi CARP, yochokera ku OpenBSD 3.5 ya 2004. Apa pali msampha: CARP imagwiritsanso ntchito protocol 112 ndi ma MAC a mtundu wa VRRP, kotero gulu 10 la CARP ndi gulu 10 la VRRP pa VLAN (chigawo cha netiweki) imodzi zimalimbirana MAC imodzi. Manambala a magulu azilembedwa penapake, asamabwerezedwe.

Rauta yamoyo imene njira yake yafa

Kufa kwa rauta yeniyeniyo si kumene kumachitika pafupipafupi. Chofala ndi chakuti rauta ili bwinobwino, magetsi ake akuthwanima, koma chingwe cha kampani ya intaneti chaduka kwinakwake. Master imapitiriza kulengeza kuti ndilipo, Backup imapitiriza kukhala phee ndi laini yake yabwinobwino, mapaketi n'kumathira m'dzenje. VRRP payokha imangoyang'ana ngati mnzake akupuma. Siyang'ana ngati akugwira ntchito.

Mankhwala ake ndi tracking: kuuza Master kuti chinthu chakutichakuti chikafa, itsitse priority yake. Pa chitsanzo chathu, ikatsitsa ndi 20 imafika pa 90, kuchepera 100 ya mnzake, ndipo mnzakeyo amalanda mpando. Masamu awa ambiri amawalakwitsa. Pa HSRP ya Cisco, mukapanda kulemba nambala, imatsitsa ndi 10. Ndiye 110 kuchotsa 10 ndi 100, kufanana ndendende ndi mnzake, ndipo pakafanana amene ali pampando sasunthidwa. Zonse zimaoneka zolembedwa bwino, koma tsiku la tsoka palibe chimasuntha. Chinanso n'chakuti kulanda mpando kwa rauta yamoyo, kumene amati preempt, kumakhala koyatsa kale pa VRRP koma kozimitsa pa HSRP. Mukaiwala kukuyatsa pa Standby, Active itsitse priority mpaka pansi, mnzake sadzatenga kanthu.

Funso lalikulu ndi loti tiyang'anire chiyani. Kuyang'anira doko la WAN, lopita kunja, ndiye kosavuta, komanso ndiye kopusitsa. Doko limenelo nthawi zambiri limalumikizidwa ku kabokosi ka faiba kapena ku wailesi ya padenga ndi chingwe cha mita imodzi kapena zingapo. Faiba iduke mtunda wa makilomita 30, chingwe chachifupicho chikhalabe chamoyo, doko likhalabe lobiriwira. Kuchita ping (kutumiza kauthenga koyesa ngati kubwere yankho) ku gateway ya kampani ya intaneti kuli bwinoko, koma nakonso kumangotsimikiza kuti mwafika pakhomo pawo, osati kuti iwo akutuluka kunja. Pa MikroTik, check-gateway=ping imayesa masekondi 10 aliwonse ndipo imagwetsa njirayo ikalephera kawiri, choncho yembekezani masekondi 20 kapena kuposerapo. Chodalirika ndi kuyesa maadilesi akutali, monga 1.1.1.1 ya Cloudflare, 8.8.8.8 ya Google kapena 9.9.9.9 ya Quad9, kudzera mu IP SLA pa Cisco, kapena Netwatch ndi recursive routing pa MikroTik. Muyese awiri kapena atatu, ndipo laini itengedwe kuti yafa pokhapokha onse akasiya kuyankha, chifukwa adilesi imodzi itha kusiya kuyankha ping pazifukwa zake.

Pano pali kanthu kena kamene kamazunguza mitu. Adilesi imene mukuyesayo iyenera kukhomeredwa pa laini imene mukuiyesa, ndi static route (njira yolembedwa pamanja) yakeyake. Mukapanda kutero zimayenda chonchi: laini yoyamba yafa, ping yalephera, rauta yasamukira ku laini yachiwiri, tsopano ping ikudutsa pa laini yachiwiriyo n'kuyankhidwa, rauta yaganiza kuti yoyamba yachira, yabwerera, ping yalepheranso. Intaneti imabwera masekondi angapo, n'kupita, n'kubwera, tsiku lonse. Mapanga awiri avumbwitsa: anthu akanagwira ntchito bwino akanangokhala pa laini imodzi yochedwa.

Ngakhale ping itakhomeredwa bwino, laini yodwaladwala imabweretsa kuyendayenda komweku. Choncho kuchoka kukhale kofulumira koma kubwerera kukhale kochedwa: masekondi 10 kapena 15 olephera musanasamuke, mphindi imodzi kapena zitatu zoyenda bwino musanabwerere. Kuchedwa kumeneku n'kofunikanso rauta ikangoyaka kumene. Doko la LAN, la m'kati mwa ofesi, limadzuka msanga, pomwe zolumikizira ndi zopezera njira monga PPPoE, VPN kapena OSPF zisanakhazikike. Rauta ikalanda mpando nthawi imeneyo imalandira mapaketi osadziwa kowapititsa. Preempt delay ya masekondi 60 mpaka 120 imathetsa zimenezi, ndipo kumalo kumene magetsi amazimazima, kuyaka kwa rauta si nkhani ya kamodzi pachaka.

Onse awiri akadziyesa mafumu

Marauta awiriwo amamvana kudzera pa swichi. Uthenga ukaleka kudutsa pomwe onse ali moyo, aliyense amadziyesa Master, ndipo amisiri amati split brain. Zoyambitsa zake ndi zazing'ono: VLAN yaiwalidwa pa trunk yolumikiza maswichi awiri, firewall ya pa rauta ikutaya protocol 112, mbali imodzi ili pa mtundu wachiwiri wa VRRP ina pa wachitatu, kapena port security ikukana MAC yachilendo. Pa mtundu wachiwiri, ngakhale kusiyana kwa nthawi yolengeza kumapangitsa kuti uthenga ukanidwe. Ngati ma firewall ali mu VMware ESXi, pulogalamu yoyendetsa makompyuta angapo m'kati mwa seva imodzi, swichi ya m'katimo iyenera kuloledwa promiscuous mode, MAC address changes ndi forged transmits, apo ayi CARP siyenda. Zizindikiro zake: ping imayankha n'kudumpha, n'kuyankha, ndipo log ya swichi imadandaula kuti MAC imodzi ikuonekera pa madoko awiri mosinthanasinthana. Choyamba kuchita ndi kuona udindo pa marauta onse awiri. Mukapeza Master kuwiri, vuto lili pakati pawo.

Swichi nayo ndi chida choti chingafe. Marauta awiri olumikizidwa pa swichi imodzi angosamutsa ngozi kuchoka pa bokosi lina kupita pa lina. Mukaika maswichi awiri ndi zingwe zopingasa, pamafunika spanning tree yoletsa mapaketi kuzungulira. Yakale ya 802.1D imatenga masekondi 30 mpaka 50 kuti itsegule njira ina, kotero VRRP ya masekondi anayi imakhala ikudikira swichi. Yatsopano, RSTP, imachita zimenezi m'kanthawi kochepa kwambiri, ndipo ndi bwino kuti swichi imene ili root, kutanthauza mutu wa spanning tree, ikhale yomwe Master yalumikizidwako.

Kumbali ya chitetezo, VRRP inachotsa mawu achinsinsi kuyambira mu RFC ya 2004, ndipo HSRP yosasinthidwa imatumiza mawu akuti cisco poyera. Munthu wolumikiza laputopu pa doko la mu ofesi atha kulengeza priority yapamwamba n'kudzisandutsa gateway. Madoko a anthu wamba azitsekedwa kuti mauthenga amenewa asalowereko, ndipo pa HSRP muyatse MD5 kuti mawu achinsinsi asamayende poyera.

Zimene sizisamuka ndi mpando

Rauta ya mu ofesi simangolozera njira. Imachita NAT (kubisa maadilesi a m'kati kuseri kwa adilesi yakunja), imasunga ndandanda ya kulumikizana konse kumene kuli m'kati, nthawi zambiri ndiyonso DHCP ndi DNS (yosandutsa mayina a masamba kukhala maadilesi). Mpando ukasamuka, ndandandayo siyendera limodzi pokhapokha mutakonza. Pa pfSense ndi OPNsense ntchito imeneyi ndi ya pfsync, ndipo ndi bwino ikhale ndi chingwe chakechake pakati pa mabokosi awiriwo. Pa Linux pali conntrackd. RouterOS 7 ili ndi sync-connection-tracking. Koma zonsezi zimathandiza ngati adilesi yakunja ikhala yomweyo. Ngati rauta yachiwiri ili pa kampani ina, adilesi yakunja imasintha, ndiye foni ya pa intaneti imaduka, VPN imayambiranso, tsamba la banki litha kukutulutsani. Masamba wamba amangofunika kuwatsegulanso. Ngati kulikulu kapena kubanki analola adilesi yanu imodzi yokha pa firewall yawo, apatseniso yachiwiri lero, osati tsiku lomwe laini yafa.

Kuti adilesi isasinthe konse pamafunika BGP, ndondomeko imene manetiweki akuluakulu amauzirana njira: nambala ya AS yodziwitsa netiweki yanu ndi maadilesi anuanu, zomwe kuno ku Africa zimachokera ku bungwe la AFRINIC, ndi chigawo chosachepera /24, maadilesi 256, chifukwa chaching'ono kuposa apo ambiri pa intaneti sachilandira. Imeneyi ndi njira ya mabanki, mayunivesite ndi makampani a intaneti. Ngakhale kumeneko, BGP ya Cisco yosasinthidwa imadikira masekondi 180 isanavomereze kuti mnzake wafa, n'chifukwa chake amawonjezera BFD, imene pa mamilisekondi 300 katatu imazindikira pasanathe sekondi.

DHCP ikakhala pa Master yokha, zonse zimaoneka bwino mpaka pamene makina ayamba kupempha maadilesi atsopano. Njira yophweka ndi kugawa: rauta yoyamba ipereke .50 mpaka .149, yachiwiri .150 mpaka .249, zonse zikutchula 192.168.10.1 ngati gateway. Ndipo lamulo lililonse la firewall lolembedwa pa yoyamba lilembedwenso pa yachiwiri tsiku lomwelo. Marauta ambiri ogwirizira amapezeka ali ndi makonzedwe a chaka chatha.

Malaini awiri, ngalande imodzi

Kulipira makampani awiri sikutanthauza kuti muli ndi njira ziwiri. Makampani amabwerekana faiba, amadutsa pa mapolo amodzi, m'ngalande imodzi, pa mlatho umodzi. Wokumba ngalande ya madzi ndi khasu limodzi atha kudula zonse. Funsani kampani iliyonse kuti chingwe chawo chimalowera mbali iti ya nyumba, chimatsata msewu uti, ndipo chimatulukira malire ati. Malawi alibe nyanja yamchere, choncho intaneti yake imafika pa zingwe za pansi pa nyanja kudzera m'mayiko oyandikana nawo monga Tanzania ndi Mozambique. Pa 12 Meyi 2024 zingwe za EASSy ndi Seacom zinaduka tsiku limodzi kufupi ndi gombe la South Africa, ndipo intaneti inavuta ku Tanzania, Malawi, Mozambique, Kenya ndi mayiko ena. Tsiku ngati limenelo laini imakhala siinafe, yangochedwa n'kumataya mapaketi, ndiye ping imodzi mwa zitatu imayankhabe ndipo rauta sisamuka. Zida zimene zimatha kuyeza kuchedwa ndi kutayika kwa mapaketi, monga gateway groups za pfSense, ziuzidwe malire, mwachitsanzo kusamuka mapaketi 20 pa 100 alionse akamatayika.

Laini yachiwiri yabwino ndi ya mtundu wina: faiba ndi 4G, kapena faiba ndi Starlink, yomwe inayamba kugwira ntchito m'Malawi mu Julayi 2023. Iliyonse ili ndi chilema chake. Nsanja ya foni nayo imadalira faiba ndi mabatire. Mbale ya setilaiti imafooka mvula ikakhala yamphamvu. Zonse ziwiri nthawi zambiri zimakhala kuseri kwa CGNAT, kutanthauza kuti wakunja sangathe kuyamba kulumikizana ndi seva yanu, choncho VPN iziyambira m'kati kupita kunja. Ndipo ngati laini yachiwiri ndi ya bandulo, ikani malire kuti ma update a makompyuta 40 asaimalize m'mawa umodzi. SIM yogwirizira imene bandulo yake inatha miyezi itatu yapitayo ndi vuto lodziwika kwambiri.

Kenako magetsi. Marauta awiri pa ekisitenshoni imodzi amafa limodzi. Anthu akukumbukira mmene magetsi anavutira namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022 n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130. Pa nyengo yotero UPS (batire logwirizira) ya mphindi 15 sipita patali. Werengerani: rauta ya mawati 15, swichi ya 30, kabokosi ka faiba ka 10, pamodzi 55. Batire la asidi la 12V 100Ah limasunga ma watt-hour 1200, koma kuti likhalitse mumangogwiritsa theka, 600, ndipo inveta imadyapo pafupifupi 15 pa 100 alionse. Zotsala ndi 510, maola ngati asanu ndi anayi. Mukaonjezapo mbale ya Starlink, yomwe payokha imadya mawati 50 mpaka 100 malinga ndi mtundu wake, maolawo amatsika kufika pa atatu kapena asanu. Rauta iliyonse ikhale ndi gwero lake la magetsi, ndipo kabokosi ka faiba kasaiwalidwe pa soketi ya pakhoma.

Kuyesa kuchitike pa nthawi yoikika, anthu atauzidwa, kamodzi pa miyezi itatu iliyonse. Siyani laputopu ikuchita ping mosalekeza ku gateway ndi ku adilesi yakunja. Zulani pulagi ya Master, muwerenge ma ping otayika; pa VRRP yosasinthidwa akhale atatu kapena anayi. Bwezerani, muone ngati yadikira nthawi imene munaiuza isanalande mpando. Zulani chingwe cha WAN. Kenako chibwezereni n'kuzula faiba kuseri kwa kabokosi kake, kuti doko la rauta likhale lamoyo pomwe njira yafa. Apa ndi pamene makonzedwe ambiri amagwa. Zimitsani swichi imodzi. Tsitsani buleka ya chipindacho mabatire anyamule okha. Muli pa laini yachiwiri, lumikizani foni yatsopano muone ngati ilandira adilesi, tsegulani VPN, yesani makina a khadi. Pomaliza onetsetsani kuti kusamuka kulikonse kumatumiza uthenga kwa munthu, kaya imelo kaya SMS, chifukwa kusamuka kukayenda bwino palibe amene amadandaula, ndipo ofesi itha kukhala milungu iwiri pa rauta yogwirizira, yoyambayo itapsa kalekale pashelefu.